Viniga wa pa kiliniki uja anabwera ndi ndani?

Chikondi wa ku Kapata:
Odi akuluakulu pa gulu. Ku koleji ya unesi atipatsa ntchito yolemba za wofufuza mmodzi amene anasintha kachiritsidwe ka khansa za amayi. Anzanga onse athamangira kwa Harald zur Hausen wa ku Germany, amene anapeza kuti kachilombo ka HPV ndiko kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, n'kupata mphoto ya Nobel mu 2008. Ine ndasankha Pulofesa Groesbeck Parham chifukwa ntchito yawo anagwirira konkuno ku Zambia. Koma aphunzitsi akuti ndisangolemba kuti anabadwa, anaphunzira, anabwera. Akuti ndionetse kulemera kwa ntchitoyo. Nanga ntchito ya wofufuza amaiyeza pa sikelo yanji?

Mabvuto ali ku Lusaka:
Kumayunivesite amawerenga mapepala, mlongo wanga. Wofufuza akamaliza kafukufuku amalemba lipoti, akatswiri anzake amalifufuza zolakwa, likapulumuka limasindikizidwa m'magazini a madokotala. Kenako amawerenga kuti ofufuza ena angati alitchula lipotilo m'zolemba zawo. Pali nambala ina imene amaitcha h-index, anaiyambitsa Jorge Hirsch mu 2005. Munthu akakhala ndi 20, ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 20. Fufuza dzinalo pa Google Scholar, uona wekha mndandanda wake.

APhiri aphunzitsi a ku Chadiza:
Tayambanso kutamanda azungu. Kodi kuno kulibe madokotala athu oti mwanayu alembe za iwo?

Mabvuto ali ku Lusaka:
Aphunzitsi, a Parham si mzungu. Ndi munthu wakuda wa ku America. Anachokera ku yunivesite ya mumzinda wa Birmingham, ku Alabama, pambuyo pake anadzakhala pulofesa ku University of North Carolina. Ndipo pulogalamu yopima amayi imene inayamba ku Lusaka mu 2006 sanaiyambe okha. Anali limodzi ndi Dokotala Mulindi Mwanahamuntu a ku chipatala chachikulu cha UTH, pansi pa bungwe lofufuza za matenda la CIDRZ, ndalama zikuchokera ku PEPFAR, thumba la boma la America lolimbana ndi Edzi. Dokotala Sharon Kapambwe nawonso anadzaitsogolera pulogalamuyo asanapite ku unduna wa zaumoyo.

APhiri aphunzitsi a ku Chadiza:
Chabwino, pa khungu ndalakwa. Koma mfundo yanga ikadalipo. Mainawo awiri mwawatchula chifukwa ndafunsa. Chikondi, pa pepala lako dzina la a Mwanahamuntu lisakhale kumunsi ngati mchira wa mbuzi.

Asisita aNabanda:
Ndinali chete kuwerenga, koma pano mwafika pamunda panga. Ine ndapuma pantchito, koma zaka zanga zomaliza ndinathera m'chipinda chopimira amayi, ndipo njira imene tinkagwiritsa ntchito ndi ya pulogalamu yomweyo. Mwanangu Chikondi, nambala za a Mabvutozo uzilembe ndithu, aphunzitsi ako amazifuna. Koma tandimvera kaye mmene zinalili kale.

Kale kupima kunali kwa Pap smear, njira ya George Papanicolaou ya m'zaka za m'ma 1940. Umapala timaselo pakhomo la chiberekero, n'kupaka pa kagalasi, n'kutumiza kwa katswiri wa maikulosikopu. Kumaiko olemera njirayi inachepetsa imfa kwambiri. Kuno akatswiri owerenga timagalasito anali owerengeka pa zala, ndipo anali ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Mayi wa ku Vubwi umuuze kuti bwerani mwezi wamawa mudzamve zotsatira, iye ali ndi munda wopalira, mtsinje wadzaza, ndalama ya njinga alibe. Sabweranso. Zotsatira zikafika, mwiniwake sakupezeka.

Njira yatsopanoyo inali yoti zonse zithe tsiku lomwelo. Mayi amagona pa bedi, umalowetsa kachitsulo kaja kokhala ngati mlomo wa bakha kuti khomo lionekere, umanyika thonje mu viniga, yemweyu wa m'sitolo wothira pa tchipisi, wa mphamvu ya 3 mpaka 5 peresenti, n'kupaka. Ukatero umayang'ana wotchi mphindi imodzi yathunthu. Mphindi imeneyo imatalika, ine ndinkafunsa mayi za ana ake kuti asanjenjemere miyendo. Ngati pali malo amene maselo ayamba kusintha, amayera mbuu ngati padontha phala la ufa woyera, malire ake ooneka bwino. Pabwinobwino pamakhalabe pofiirira. Si khansa imeneyo, ndi chiyambi chabe, ndipo ukachichotsa pamenepo khansayo sibwera.

Chikondi wa ku Kapata:
Ndiye viniga ameneyu anatulukira ndi a Parham?

Mabvuto ali ku Lusaka:
Iyayi, usalembe choncho, angakudule mamaki. Madokotala ankapaka kale viniga poyang'ana khomo ndi makina okulitsa. Kafukufuku wamkulu woonetsa kuti nesi ndi maso ake okha angathe anachitika kwina, ku Zimbabwe cha m'ma 1990, ndi ku India motsogozedwa ndi Rengaswamy Sankaranarayanan wa bungwe lofufuza za khansa la IARC la ku Lyon, ku France. Chimene gulu la ku Lusaka linachita ndi china. Choyamba anapima amayi 150 okhala ndi HIV mu Lusaka, n'kupeza kuti ochuluka mwa iwo maselo anali atayamba kale kusintha. Lipoti limenelo linatuluka mu 2006. Ganiza, nthawi imeneyo ma ARV aulere anali atangoyamba kumene. Mayi wapulumuka ku Edzi, wanenepa, wabwerera kumsika, kenako khansa n'kumutenga. Ndiye anati kupimaku kukhale m'makiliniki aboma momwemo mmene anthu amatengera ma ARV, ndipo wopima akhale nesi, asadikire dokotala. Pofika 2013 anali atapima amayi opitirira 100,000.

Asisita aNabanda:
Ndipo waiwala kamera, Mabvuto. Chimene chinatipatsa ulemu ife manesi ndi kamera. Ukapaka viniga umajambula khomolo, chithunzi n'kuchikulitsa pa sikirini. Ukakayika umatumiza kwa dokotala ku Lusaka kuti aone nawo. Komanso mayi mwiniwake ankaona. Sindidzaiwala agogo ena, anadzuka pa bedi atagwira chitenje, kuyang'anitsitsa sikirini, n'kunena kuti, "Ha! Ana asanu ndi atatu anadutsa pakabowo aka?" Tonse m'chipindamo tinafa nako kuseka. Koma nditawaonetsa pamene payera sanatsutse. Munthu ukamuuza kuti muli ndi vuto pamene iye sakumva kuwawa paliponse, amaganiza kuti ukufuna kumuchotsa chibaliro. Akaona ndi maso ake nkhani imafupika.

ANatembo a ku Katete:
Asisita, ine anandipima mu 2016 ndipo anapeza poyera. Anandiika chija chozizira choumitsa malo oyerawo. Sindinamve kuwawa kwenikweni, kungoti m'mimba munkapota ngati ndili kumwezi. Koma madzi amene ndinataya pambuyo pake, mayo ine! Pafupifupi mwezi wathunthu. Ndinkaganiza kuti andiwononga.

Asisita aNabanda:
Ndi mmene zimakhalira amayi, pamene paumitsidwa pamasungunuka n'kumatuluka ngati madzi. Anayenera kukuuzani musanachoke. Makina ozizirawo vuto lake linali gasi. Amafuna botolo lalikulu lachitsulo, lolemera ngati thumba la feteleza, ndipo likatha mumakhala milungu mukudikira lina. Mayi wamupeza ndi poyera, koma chomuchiritsira palibe. Zinkandipweteka mtima kuposa china chilichonse.

Mabvuto ali ku Lusaka:
Apa mpamene pali pepala lina lofunika kwa Chikondi. Gulu lomwelo linayesa mu Lusaka kamakina kogwira m'manja, ka batire, kamene m'malo moziziritsa kamatenthetsa malo oyerawo kwa masekondi ochepa. Anakayerekeza ndi makina a gasi komanso ndi njira yodula ndi kawaya ka magetsi. Zotsatira zoyamba zinatuluka m'magazini ya madokotala ya The Lancet Oncology mu 2020. WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, inali itavomereza kale njira yotenthetsayi mu 2019. Kamakina kameneka nesi angakaike m'chikwama n'kukwera nako njinga yamoto kupita kumudzi.

Amake Dalitso:
Pepani ndilowererepo. Ndawerenga zonse ndipo sindikutsutsa. Koma mukamakamba za mapepala ndi makamera, ine ndikuona nkhope ya akulu anga.

Anali atasiya kusamba zaka zinayi. Tsiku lina magazi anayambanso. Iwo ankaseka, amvekere utsikana wabwerera. Kenako kunabwera chikazi chonunkha, moti anasiya kupita kutchalitchi, pamaliro ankakhala kumapeto kwa mphasa. Kumudzi anati ndi zamanja a anthu, chifukwa chaka chimenecho anakolola mtedza wambiri. Mbuzi ziwiri zinapita kwa sing'anga. Ine ndinadziwa patatha pafupifupi chaka, ndipo sanachite kundiuza, ndinapeza nsanza zimene ankabisa kuseri kwa nkhokwe.

Ku chipatala china anadula kanyama kuti akapime. Tinadikira miyezi itatu. Ulendo uliwonse ankatiuza kuti zotsatira sizinabwere. Zitabwera anati pitani ku Lusaka. Inu mukuidziwa Great East Road, makilomita oposa 550. Munthu wotaya magazi akhale pampando wa basi kuyambira mbandakucha, Katete, Petauke, Nyimba, mapiri aja, pa Luangwa Bridge anthu akutsika kukagula nsomba ife tikufunafuna pobisala kuti asinthe nsalu. Ndinayala pulasitiki pampando kuti kondakitala asatikalipire.

Ku Cancer Diseases Hospital anatilandira, madokotala anayesetsa. Kuwotcha ndi makina tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu kwa milungu isanu, diripu ya mankhwala kamodzi pa mlungu, kenako kuwotcha kwa mkati. Tinkagona kwa mlamu wathu ku Mtendere, pabalaza. Anabwerako ali bwino pang'ono, analimanso chaka chimodzi. Chaka chachiwiri inabwerera. Tinawaika mwezi wa Okutobala.

Ndiye Chikondi mwanawe, viniga ameneyo kwa akulu anga anachedwa. Kiliniki inalipo, makilomita asanu ndi awiri kuchokera pakhomo pawo. Sanapiteko chifukwa panalibe chowawa.

ANatembo a ku Katete:
Pepani amake Dalitso. Mulungu akutonthozeni.

AZulu a ku Mtenguleni:
Pepani kwambiri amayi.

Asisita aNabanda:
Pepani mwanangu. Mwanena chinthu chimene ndinkalephera kuwamvetsa anthu zaka zonse zija. Kachilombo ka HPV kakalowa, thupi la amayi ambiri limakachotsa lokha. Mwa ena kamakhalira, ndipo kamatenga zaka 15 kapena 20 kuti kafike pa khansa. Kwa amene chitetezo chawo n'chofooka zimatha kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha, n'chifukwa chake mayi wa HIV ali pangozi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake. Zaka zonsezo palibe kuwawa, palibe magazi. Magazi akayamba kuoneka pambuyo pokhala malo amodzi ndi bambo, kapena mwa mayi amene analeka kusamba, nthawi zambiri nthendayo yapita kale patali. Wopita kukapimitsa ndi amene ali bwinobwino. Kwa munthu wa kumudzi zimenezi n'zosamveka, chipatala ndi cha odwala.

Chikondi wa ku Kapata:
Amake Dalitso, pepani. Ndingalembeko nkhaniyi popanda kutchula dzina kapena mudzi?

Amake Dalitso:
Lemba. Ulembenso za pulasitiki ija.

APhiri aphunzitsi a ku Chadiza:
Apa mpamene ine ndimakangana ndi anthu a mapepala. Mabvuto wati amayi 100,000. Zikomo. Koma Zambia ili ndi amayi mamiliyoni, ndipo tikadali m'gulu la maiko amene khansa imeneyi ikupha kwambiri padziko lonse. Chipatala cha khansa anachitsegula a Mwanawasa mu 2007, ndipo wa ku Chama kapena ku Lundazi amene akufunika kuwotcha ulendo wake ndi wa ku Lusaka. A George Bush, pulezidenti wakale wa America, anabwera mu 2011, anabweranso kudzapenta kiliniki ku Kabwe mu 2012, amayi a Christine Kaseba, akazi a Pulezidenti Sata, analankhula mpaka mawu kusasa. Nanga n'chifukwa chiyani mlongo wa amake Dalitso anafa? Wofufuza akalemba pepala n'kutchulidwa ka 500, amene wapindula ndi iye, wakwezedwa pantchito.

Mabvuto ali ku Lusaka:
Aphunzitsi, diripu imene amake Dalitso atchula ija ndi cisplatin. Mu 1999 kafukufuku asanu a ku America anaonetsa kuti ukaphatikiza mankhwalawa ndi kuwotcha, imfa zimachepa ndi 30 mpaka 50 peresenti poyerekeza ndi kuwotcha kokha. Chaka chimene mayi aja analimanso chija mwina chinachokera pamenepo. Pepala silimanga msewu kapena kugula makina, zimenezo funsani aphungu anu. Koma popanda pepala unduna sungavomere kuti nesi agwire ntchito imene kale inali ya dokotala, ndipo opereka ndalama sangatulutse ngwee. Manesi a m'maiko ena a mu Africa ankabwera ku Lusaka kudzaphunzira njirayi chifukwa inalembedwa, ndi manambala ake.

APhiri aphunzitsi a ku Chadiza:
Chaka chimodzi cha kulima. Wayankha bwino, koma sindinakhute.

Asisita aNabanda:
Musakhute aphunzitsi, nanenso sindinakhute. Ndipo viniga ndisamukometse kwambiri. Amadalira diso la nesi. Nesi wotopa, chipinda chamdima, tochi yofooka, akhoza kuphonya. Nthawi zina timachiritsa poyera pamene pakanatha pokha. Kwa amayi achikulire malo osinthawo amalowa mkati, osaoneka. N'chifukwa chake kuyambira 2021 WHO ikuti njira yoyamba ikhale kupima kachilombo ka HPV komweko, kuyambira zaka 30, koma wa HIV kuyambira 25. Ubwino wake mayi akhoza kudzitengera yekha ndi kathonje kapakamtengo, osavulira munthu. Koma zikubwereranso ku labu ndi kudikira zotsatira, vuto lija tinalithawa poyamba.

AZulu a ku Mtenguleni:
Ine ndifunse za amunafe, popeza nonse mukutizungulira. Akazi anga atachiritsidwa anabwera ndi mawu akuti tidikire mwezi wathunthu osakhala malo amodzi. Kunena zoona ndinakwiya. Ndinaganiza kuti pali chimene akubisa. Ndinapita nawo ku kiliniki kukafunsa, ndipo nesi wamng'ono ngati mwana wanga anandikhazika pansi n'kundiuza kuti pali bala lofunika kupola, ndiponso kuti kachilomboko mwina ndinabwera nako ndine, chifukwa mwamuna amakanyamula osadziwa. Ndinatuluka ngati nkhuku yonyowa.

ANatembo a ku Katete:
Inu a Zulu munachita bwino kupita. Anga anangoti zimenezo n'za manesi osakwatiwa. Ndinathawira kwa amayi anga milungu itatu, ndinanamizira kukolola.

Mabvuto ali ku Lusaka:
Chikondi, pamenepa pali pepala lina limene anthu salitchula kawirikawiri koma ine ndimalikonda. A Kapambwe ndi anzawo analemba za mmene anaphunzitsira alangizi, kuti polangiza atsikana ndi akazi olowa m'banja azinenanso za kupimitsa. Mawu amene nesi wa yunifolomu akawanena anthu amachita manyazi, mlangizi amawanena akuimba ndi ng'oma. Kutchulidwa kwa pepala limenelo sikungafanane ndi kwa lija la mu Lancet, koma kwathu kuno mwina ndilo lolemera.

APhiri aphunzitsi a ku Chadiza:
Alangizi omwewo akanatithandiza pa katemera. Boma litayamba kubaya atsikana a zaka 14 m'dziko lonse mu 2019, pasukulu pathu tsiku limenelo kalasi inali theka. Ena analumpha pawindo ataona galimoto ya chipatala. Makolo anamva kuti jekeseniyo ndi yotseka mimba, ena amati ndi za satana. Bambo wina anabwera ndi nkhwangwa paphewa, osati kudzamenya munthu, ankachokera kumunda, koma ahedi anabisala mu ofesi.

Asisita aNabanda:
Haha, aphunzitsi! Koma katemerayu ndiye amene adzathetse nkhaniyi, si viniga wanga. A zur Hausen aja anapeza mitundu iwiri ya kachilomboka, 16 ndi 18, mu 1983 ndi 1984, ndipo iwiri imeneyi ndiyo imayambitsa pafupifupi khansa 7 mwa 10 zilizonse za khomo la chiberekero. Ian Frazer ndi Jian Zhou ku Brisbane, ku Australia, anapeza kapangidwe ka chikhokhombe cha kachilomboka chopanda kanthu mkati, ndipo katemera woyamba anavomerezedwa mu 2006. Mulibe chotseka mimba mmenemo. Amabaya ana aang'ono chifukwa amagwira bwino mtsikana asanadziwe mwamuna. Mu 2022 akatswiri a WHO anati ngakhale jekeseni imodzi imateteza. Adzukulu anga awiri anabayidwa, ndinawaperekeza ndekha.

Chikondi wa ku Kapata:
Ndiye ndikalemba kuti WHO mu 2020 inaika cholinga cha 90, 70, 90 pofika 2030, ndiye kuti atsikana 90 mwa 100 abayidwe asanapitirire zaka 15, amayi 70 mwa 100 apimidwe pofika zaka 35 ndi 45, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto achiritsidwe, ndingati ntchito ya ku Lusaka ili pa nambala yachiwiri ndi yachitatu?

Mabvuto ali ku Lusaka:
Eya. Uwonjezere za opaleshoni. A Parham ntchito yawo yeniyeni ndi dokotala wa opaleshoni za khansa za amayi, ndipo aphunzitsa madokotala a kuno kuchotsa chiberekero pamodzi ndi minofu yozungulira khansa ikapezeka isanafalikire. Maphunziro otere anakachititsanso ku Lilongwe, pafupi nafe pompa kudutsa pa Mwami. Opaleshoni imeneyo si yofanana ndi kuchotsa chiberekero wamba, ndipo odziwa kuichita akadali ochepa.

APhiri aphunzitsi a ku Chadiza:
Ndipo ulembe kuti nambala yachitatuyo kuno kum'mawa sitinaifike. Aphunzitsi ako akakudula mamaki uwapatse nambala yanga.

Amake Dalitso:
Asisita, ndifunse zanga. Ndili ndi zaka 41 ndipo sindinapimitsepo. Chichokereni maliro aja ndimaopa kuti akandipeza nayo. Mwana wa malemu ali ndi zaka 13, ndikumusunga ndine, sindikudziwa ngati anabayidwa kusukulu kwawo kumudzi.

Asisita aNabanda:
Khansa imeneyi si ya kumtundu mwanangu, kudwala kwa akulu anu sikutanthauza kuti nanunso muli nayo. Pitani ku Chipata Central kapena ku kiliniki imene muli nayo pafupi, mufunse chipinda chopimira khomo la chiberekero. Musapite muli kumwezi. Mtsikanayo mupite naye, anesi aone ngati ali ndi khadi la katemera. Mukafuna ndikuperekezani, ndilibe chochita masiku ano kupatula nkhuku zanga.

Amake Dalitso:
Lolemba ndi Lachiwiri ndimakhala ndi tomato ku Saturday Market, sindingamusiye awole. Lachitatu m'mawa.

Asisita aNabanda:
Lachitatu 7 koloko, tipezane pageti. Muvale chitenje, osati buluku.

Mabvuto ali ku Lusaka:
Chikondi, mapepala anayi aja ndakutumizira kumbali. Pepala lachitatulo ndi lalikulu, utsegule ukakhala pa Wi-Fi ya ku koleji, lingakudyere bandulo yonse.